Tikuthirira munda wa alendo, yathu ikupsa

Aphungu,

Ndiyambe ndi kukonza zimene anthu akhala akunena, chifukwa pakamwa pa anthu akwathu palibe mabuleki, mwina zafika kale kwanuko. Ku yunivesite sanandithamangitse. Mayeso sindinalephere. Mimba sindinatenge, ndipo mphunzitsi amene akuti anandisokoneza mutu anali nkhalamba yonunkha fodya imene inkandiopa kuposa mmene ine ndinkaiopera. Ndinachoka ndekha bambo atadwala sitiroko n'kufa ziwalo mbali imodzi, panalibe wowatembenuza pamphasa kupatula amayi, amene nawo msana unali utayamba kale kudandaula. Ndinkaphunzira za ulimi wothirira. Ndinasiya kutatsala pang'ono, n'chifukwa chake kuno amanditchula kuti a Hafu. Ndimavomera, poti hafu yangayo ndi yaikulu kuposa zonse zimene ena ali nazo m'mutu.

Chinanso chimene akunena n'choti ndikufuna kuvula anthu akwathu pamaso pa alendo chifukwa chowawidwa mtima. Mtima umandiwawa, sindikana, koma nkhani si imeneyo. Ndikufuna damu lathu likonzedwe ndi ndalama za boma, ndipo ndazindikira kuti amene tikutsekereza ndalamazo ndife tomwe, ndi ndowa zathu. Mundimvetsere bwino.

Minda ya kalabu yathu ya alimi ili pamtsetse. Kumtunda kuli msewu, kumunsi kuli mtsinje umene masiku ano ndi mchenga wokhawokha. Kale kunali damu laling'ono cha kumene mtsinjewo umachokera, ndi ngalande ya simenti imene inkayendetsa madzi m'minda yonse. Chaka cha madzi osefukira khoma la damu linang'ambika pakati, ngalande n'kudzaza mchenga. Kuyambira pamenepo mvula nayo yasintha khalidwe. Imachedwa, ikabwera imakhuthuka yonse pakamodzi n'kukokolola mizere, kenako imasowa ndendende pamene chimanga chikutulutsa ngayaye. Chimene chatsala ndi chitsime chimodzi kumunsi, m'mbali mwa mtsinje.

Chaka chilichonse, khonsolo isanakonze bajeti, komiti yake imayendera madera kuti ione kumene kukufunika thandizo. Imabwera pakati pa dzinja, nthawi yomwe ng'amba imatipha. Ife tili ndi kachitidwe kathu kolandirira alendo amenewa. M'mbali mwa msewu tili ndi munda wa kalabu umene timautchula kuti wachionetsero. Mvula ikangodula, amayi onse a m'kalabu amasiya minda yawo, amapinda nkhata, n'kuyamba kusenza madzi kuchokera pachitsime kukwera nawo mtunda mpaka kumsewu. M'mawa ndi madzulo, kwa milungu. Manyowa onse abwino amapita kumeneko. Miyala ya m'malire timaipaka laimu. Tsiku likakwana ndowa timazibisa, amayi amasamba n'kuvala zabwino, galimoto zimaima, alendo amatsika, amaona chimanga chobiriwira chofika m'mapewa, amajambula, amaomba m'manja, amamwa zoziziritsa kukhosi, n'kubwerera. Nsapato zawo sizidziwa kuti kuseri kwa chimanga chimenecho kuli chiyani.

Kuseriko kuli munda wa amayi anga. Kanjira ka pakati pa chitsime ndi msewu n'kamodzi kokha, chifukwa mbali ina kuli chigwembe chimene madzi osefukira anakumba, mbali inayo kuli waya wa mwini famu yaikulu. Kanjirako kamadutsa pakati penipeni pa munda wathu. Ndiye tangoganizani, Aphungu. Madzi amadutsa pamutu pa anthu, uku ndi uku kuli chimanga chathu chimene masamba apindika ngati ndudu, osagwerapo ngakhale dontho kupatula otayikira munthu akapunthwa. Ndipo amayi anga, ndi msana wawo uja, ndi amene amayamba kufika pachitsime.

Chaka chatha ndinapita kukamvera msonkhano wa bajeti ku khonsolo. Aliyense amaloledwa kukhala pabenchi la kumbuyo, kungoti anthu sadziwa. Chipinda chake chili ndi fani imodzi imene imazungulira pamwamba pa akuluakulu okha. Amene anaimirira kufotokoza za dera lathu ndi munthu amene ndinali naye kalasi imodzi, tinkamutchula kuti Jekete chifukwa sankalivula ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pano ndi ofesala wa zaulimi, jekete ndi lomwelo, kungoti mabatani akuvutika pamimba. Anati, "Alimi a kumunsi kwa damu ndi chitsanzo chabwino. Aphunzira kupirira kusintha kwa nyengo popanda kudalira boma. Mbewu zawo tinaziona ndi maso athu. Ndikupempha kuti ndalama zipite kaye kumene kuli mavuto." Anthu anaomba m'manja. Damu lathu linafera pomwepo.

Ndinamudikirira pakhonde. Ndinamuuza mawu amene sangalembedwe m'nyuzipepala imene ana amawerenga. Iye anangovula magalasi n'kumapukuta, kenako anati, "Mnzanga, pakamwa pako sipanakalambe. Koma ine ndimanena zimene ndaona. Mukandionetsa masamba obiriwira, ndikanene kuti auma?" Ndinamuyankha kuti munthu amene anamaliza sukulu ayenera kudziwa kuti pa ng'amba chimanga sichibiriwira ndi nyimbo zolandirira alendo. Anati, "Ndiye amene sanamalize andionetse." N'kukwera galimoto.

Chaka chino nkhaniyi ndinaibweretsa ku msonkhano wa kalabu. Timakumana m'kalasi ya ana a pulayimale, anthu akuluakulu atapanikizika pamadesiki, mawondo ali m'chibwano. Wapampando ndi a malume anga, alongo awo a amayi. Anthu amawatchula kuti a Zilibwino, chifukwa ngakhale nyumba yawo ikupsa, ukawafunsa amayankha choncho. Ndinaimirira n'kunena kuti chaka chino tisathirire munda wachionetsero, alendo tiwatengere m'minda yeniyeni akaone zimene ng'amba yatichita.

A malume anavula chipewa n'kuchiika padesiki. "Mwana wa mlongo wanga," anatero, "mlendo sumulandirira kuseri kwa nyumba kumene umatayira phulusa. Boma limathandiza anthu amene akuoneka kuti akulimbikira. Tikawaonetsa zouma adzati ndife alesi, adzati kuwapatsa damu awa n'kutaya simenti. Mlendo ndi mame, tingopirira."

Ndinati, "A malume, mame sanabereketsepo chimanga."

Amake mapasa, mayi amene amakhala kumbuyo kuti aziseka bwino, anati, "Koma a Hafu pena amanena zoona. Ine khosi lalowa m'mapewa ndi ndowa. Abambo a kunyumba akuti iwo anakwatira mkazi wamtali, akundifunsa kuti ndinamusiya kuti." Kalasi yonse inafa ndi phwete. Koma nditafunsa kuti ndani angalole kuti alendo aone munda wake, kuseka kunathera panjira. Aliyense anayamba kuwerenga zilembo za ana pakhoma. Bambo wina wokonza njinga anati, "Mwayambitsa ndinu, a Pulofesa. Onetsani wa amayi anu, si ndi umene wapsa kwambiri?" Ndinati chabwino, ndionetsa.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Amayi ndinawapeza atakhala pakhomo la khitchini akusankha nyemba m'lichero. Sanadzutse mutu. Anati, "Ndamva kuti wandipezera ntchito yokhala chithunzi cha umphawi." Ndinayamba kufotokoza za bajeti. Anati, "Bajeti yakoyo sindiidziwa. Bambo ako anamwalira munda uja uli ndi ulemu wake, anthu ankabwera kudzapempha mbewu. Lero ukufuna azibambo a makamera adzaime pamenepo n'kumati taonani mayi wamasiye walephera? Ndikhale ine wa m'nyuzipepala, dzanja patsaya, kumbuyo kuli mapesi?" Ndinati si inu mwalephera, amayi, ndi damu. Anati, "Pachithunzi damu silioneka. Amaoneka ndi munthu."

Kenako ananena chimene chandilembetsa kalatayi. Mwini famu yaikulu uja, amene ali ndi mjigo wake wa magetsi ndipo ng'amba amangoimva pa wailesi, wakhala akuwanyengerera kuti amusiyire mundawo aphatikize ndi wake. Amayi akuti chaka chino chikatha opanda chiyembekezo cha madzi, amupatsa. "Ndatopa kulimira dzuwa," anatero. Ndikuwadziwa, sanena kawiri. Ndipo wathu ukalowa mkati mwa waya, ya anzathu a kumunsi idzatsatira umodziumodzi.

Aphungu, ine sindikupempha zaulere, ndipo ndatopa ndi anthu amene amati kupempha boma n'kupemphetsa. Msonkho ndimalipira ndikagula sopo, mchere, ngakhale mayunitsi a foni. Pamene ankathira phula pamsewu wa kumtundawu, palibe anauza madalaivala kuti ayambe aumba njerwa kusonyeza kulimbikira. Mapolo a magetsi amene amayendetsa mjigo wa mwini famu anazikidwa ndi ndalama za tonsefe, koma palibe amamutchula wopemphetsa. Nanga bwanji chakudya, chimene aliyense amadya, mpaka a Jekete, chisiyidwe pakhosi pa amayi okalamba? Mabungwe abwera, ndawaona. Amafika ndi malaya olembedwa kumsana, amatiphunzitsa kuomba m'manja kwatsopano, amasiya pampu imene ikathyoka chitsulo chake sichipezeka m'sitolo iliyonse, n'kupita. Zikwangwani zawo zilipo pamsewu, mbuzi zimakandirapo msana. Damu si ntchito ya mlendo wodutsa, ndi ya boma limene silisamuka. Likonzedwe, ngalande ifukulidwe mpaka kuminda ya kumunsi kumene kuli amasiye ndi obwereka minda, isathere pa minda ya akuluakulu a kalabu. Mlangizi akhale nafe pafupi, mbewu zopirira dzuwa ngati mapira, nandolo ndi mbatata zipezeke nthawi yake. Awa si maloto. Ndinaziphunzira, ndipo hafu imene ndinaphunzirayo ndi imene muli ngalande.

Alendo akubwera mwezi uno usanathe. Ndowa zayamba kale kukwera mtunda. Ine chaka chino ndakana kusenza, ndipo ndikamadutsa pachitsime amayi amauzana mokweza kuti, "Apatseni njira, mutu uwo ndi wa mabuku, nkhata ingafufute digiri." Ndimawauza kuti asade nkhawa, digiri yake palibe. A malume sakundiyankha moni, amangokweza chipewa ngati ndine wokhometsa msonkho. Amayi amandiyankhula za mchere ndi nkhuni basi.

Ndili ndi njira ziwiri. Ndikhoza kudikira tsikulo, a malume akamaliza mawu awo olandirira alendo, ndilande chimkuzamawu ndinene zonse, kuyambira khosi la amake mapasa mpaka mabatani a Jekete. Kapena nditsekule khola la mbuzi zathu m'mawa wa tsikulo. Njira ya kumunda wachionetsero zimaidziwa kale. Alendo adzapeza zimene tonsefe tili nazo.

Sindikufunsa ngati ndikulondola, chifukwa ndikudziwa kuti ndikulondola. Ndikufunsa kuti pa njira ziwirizi, ndi iti imene ingabweretse damu amayi asanapereke munda, ine n'kukhalabe ndi pakhomo podyera.

E.N.C., Kumunsi kwa Damu

Yankho la Aphungu

Achemwali E.N.C.,

Mbuzi zisiyeni m'khola. Zikadya munda uja, nkhani ya tsikulo idzakhala mbuzi, ndipo komiti idzabwerera ikudziwa chinthu chimodzi chokha, kuti kwanuko kuli khola losatseka. Amayi amene asenza madzi milungu yonseyi sadzakukhululukirani, ndipo adzakhala akulondola. Chimkuzamawu nachonso chisiyeni. Munthu akalanda chimkuzamawu, anthu amakumbukira kulandako, zimene ananena amaiwala asanafike kunyumba.

Pa nkhani yeniyeniyo mukulondola, ndipo poti mwanena kuti simukufunsa, ndingovomereza mwachidule. Damu ndi ngalande ndi ntchito ya boma monga msewu ndi mlatho. Mvula yasintha kwa aliyense, koma amene ali ndi mjigo amagona tulo, amene alibe amataya munda. Ndalama za anthu onse zikapanda kulowapo, minda yonse ya kumunsi idzathera mkati mwa waya, eni ake n'kumakagwirako ganyu.

Koma malume anu musawayese chitsiru. Hafu ya zimene ananena ndi yoona, ndipo inu mukudziwa kuti hafu si chinthu chonyozeka. Akuluakulu a bajeti amaopadi kuthira simenti kumene anthu sagwira ntchito. Mukawaonetsa mapesi okhaokha, wina adzafunsa kuti kodi anabzala nthawi yake, kodi anapalira? Munda wachionetsero umayankha mafunso amenewo. Umasonyeza kuti nthaka yanu ikapeza madzi imabereka, ndiponso kuti anthu anu ndi olimbika. Pamene mumalakwitsa ndi pobisa ndowa paja. Mumaonetsa alendo ntchito ya khosi la amake mapasa, khosilo n'kuliveka mkanda.

Ndiye musaletse kuthirira. Tsiku la alendo ndowa zisapume, basi. Galimoto zikamaima, amayi akhale ali pamzere akukwera mtunda, madzi ali pamutu, monga amachitira masiku onse. Alendo aone chimanga, ajambule, aombe m'manja. Kenako a wapampando, ndi ulemu wawo wonse, anene kuti tiyeni mukaone kumene madzi a munda uwu amachokera. Palibe mlendo angakane atangomaliza kuyamikira. Akafika pachitsime, wina amupatse khansala ndowa yodzaza ayese kuinyamula. Andale sakana chithunzi chotere, ndipo akamaika ndowayo pansi adzakhala atamva mumsana zimene inu mukanazinena pa chimkuzamawu.

Mwaona kuti ndati a wapampando anene, osati inu. Pitani kwa malume anu kunyumba kwawo, musawapezere m'kalasi pamaso pa anthu. Mukhale pansi, mupepese pa za mame zija. Yankho lanu lija linali lokoma, ine ndaseka, koma munawachepetsa pamaso pa anthu awo. Muwauze kuti munda wachionetsero ukhalapo, mawu awo olandirira alendo akhalapo, ndipo mukupempha chinthu chimodzi, kuti atsogolere alendo kuchitsime. Munthu amene moyo wake wonse wanena kuti zili bwino sangayambe lero kunena kuti zaipa. Koma akhoza kunena monyadira kuti taonani mmene anthu anga amalimbikira. Muwasiyire mawu amenewo. Damu likabwera adzati analibweretsa ndi iwo. Muwalole, madzi sadzafunsa.

Amayi anu ndiye oyamba, ngakhale ndawatchula mochedwa. Iwo sanakane damu. Akana kukhala chithunzi, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Munda wawo munaupereka pamsonkhano ngati ndi wanu, ndiye mawuwo mukawabweze pamsonkhano pomwepo, munene kuti palibe munda wa munthu umene udzaonetsedwe. Kenako mukhale nawo pansi, lichero lili pakati, muwauze dongosolo lonse osabisa kanthu, mpaka pamene alendo adzaponde. Muwalonjeze kuti palibe adzatchule mwini munda uliwonse, ndipo palibe adzawaimike pamaso pa kamera. Akafuna, tsikulo asenze ndowa yawo ngati anzawo. Akafuna, akhale kunyumba. Akakana kuti alendo atsike, mawu awo ndi omaliza, ndowa zokwera mtunda zija zidzayankhulabe pamsewu. Koma ndikukayika kuti angakane. Mayi amene amayamba kufika pachitsime sachita manyazi ndi ntchito, chimene sakufuna ndi kumveredwa chisoni. Za mwini famu, muwapemphe kuti asayankhe kanthu mpaka bajeti itatuluka. Muwapemphe, musawalalikire.

Inuyo mawa pindani nkhata. Simungapemphe amayi kuti asenze madzi pamaso pa alendo inu mutapinda manja. Adzakusekani tsiku loyamba, aloleni. Digiri mwanena nokha kuti palibe yofufuta.

Tsopano a Jekete. Kuwawa kwake ndikukumva, munali kalasi imodzi, lero iwo ali pansi pa fani inu pabenchi la kumbuyo. Koma mdani wanu si iwo. Ananena zimene anaonetsedwa, ndipo anakuuzani pakhonde paja kuti muwaonetse zina. Kaya ananena mwachipongwe, agwireni pa mawu awowo. Pitani ku ofesi kwawo alendo asanabwere. Muwauze kuti chaka chino avale nsapato zoyendera. Muwafunse kuti komiti imafuna kumva chiyani kuti ntchito ngati ya damu ilowe m'bajeti, ndiponso kuti amene amayeza khoma long'ambika ndani. Iwo ndi amene adzaimirirenso m'chipinda chija. Mawu awo anapha damu chaka chatha, mawu awo omwewo akhoza kulidzutsa, koma sadzachita zimenezo kwa munthu amene wawatukwana kachiwiri.

Pachitsime pempho likhale limodzi, damu ndi ngalande yake. Mlangizi, mapira ndi nandolo n'zofunika, ndipo nthawi yake idzafika, koma mukazitchula zonse pakamodzi adzasankha chotchipa, adzakutumizirani timatumba ta mbewu n'kunena kuti akuthandizani. Wopempha akhale amake mapasa. Mayi amene angaseketse kalasi yonse ndi khosi lake akhoza kuseketsa makhansala, ndipo munthu amene waseka nawe zimamuvuta kukuiwala. Inu muime pambali. Akafunsa za mmene ngalande inkayendera ndi pamene khoma linafookera, pamenepo ndi panu. Muyankhe modekha, zimene mwafunsidwa zokha.

Alendo akapita ntchito sinathe. Tsiku la bajeti, pabenchi la kumbuyo lija musakhalepo nokha. Pitani ndi kalabu yonse, a malume ali patsogolo ndi chipewa chawo, ndipo fufuzani makalabu oyandikana nanu, chifukwa sindikukhulupirira kuti ndinu nokha amene mumapaka miyala laimu. Komanso madzi asanabwere, gwirizanani kagawidwe kake, kuti a kumunsi, amasiye ndi obwereka minda asadzakhale omaliza. Nkhani imeneyo imakambika bwino ngalande ili youma. Madzi akayamba kuyenda, aliyense amapeza chifukwa chokhalira woyamba.

Sindikulonjezani kuti damu lilowa chaka chino. Bajeti ili ndi ana ambiri. Koma komiti imene yatsika mtunda uja ndi mapazi ake sidzanenanso kuti kwanu kulibe mavuto, ndipo amayi anu adzakhala ndi chifukwa chodikirira.

Chenjezo langa lili pa lilime lanu. Ndi lakuthwa, ndipo mwakhala mukucheka nalo anthu amene mukuwafuna kumbali yanu. Tsikulo lidzakuyabwani kwambiri alendo akamatsika. Mudzafuna kuima, kuloza ndi kufunsa kuti mwaona? Manja muwaike kumbuyo, pakamwa mutseke, muyende pambuyo pa onse. Kanjira kochokera kumsewu kupita pachitsime n'kamodzi, ndipo kamadutsa pakati pa munda wa amayi anu.